Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zaumoyo ku Harare: zala za anthu zikuuma akudikira

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo ndi Chisamaliro cha Ana, akuluakulu oyang'anira zipatala zazikulu za mu Harare, a nthambi ya zaumoyo ku khonsolo ya mzinda, ndi a bungwe la NSSA, loona za penshoni ndi chipepeso cha antchito ovulala.

Olemekezeka,

Pempho langa ndilinene poyambirira kuti musachite kulifunafuna. Mzinda wa Harare ukhale ndi malo amodzi odziwika, m'chipatala cha boma, kumene munthu wovulala dzanja angaonedwe ndi anthu amene ntchito yawo ndi manja, sabata isanathe chivulalireni. Dokotala wa opaleshoni, namwino ndi wa mafizo akhale pakhomo limodzi. Ndipo namwino aliyense wa pa kiliniki adziwe kuti bala lakutilakuti silongosoka n'kumubweza munthu kunyumba, n'lotumiza kumeneko lero lomwe.

Ndalemba m'Chichewa chifukwa ndime 6 ya malamulo oyendetsera dziko a 2013 inachiika pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, komanso chifukwa ambiri mwa anthu amene ndikuwalankhulira ndi a chilankhulo chimenechi. Makolo athu anachokera ku Nyasaland, ku Tete ndi kummawa kwa Northern Rhodesia, ena pa malole a Ulere, ena wapansi, kudzagulitsa mphamvu zawo m'mafamu a fodya, m'migodi ndi m'makhitchini a ku Salisbury. Zaka zimene ana awo anakhala opanda zitupa, kapena ndi zitupa zowalemba kuti ndi alendo m'dziko lobadwira, zinawatsekera makomo ambiri a sukulu ndi a maofesi. N'chifukwa chake zidzukulu mumazipeza zikuwotcherera zitsulo ku Magaba ndi ku Gazaland, zikukhoma mipando ku Glen View, zikuumba zidina ku Epworth, zikuchapa ndi kusita m'mayadi a ku Avondale ndi Borrowdale, zikutsika m'maenje a golide ku Mazowe ndi Shamva. Munthu wotere dzanja likauma, palibe desiki yoti amusamutsire. Ine ndinagwira ntchito ya mafizo m'zipatala mpaka kupuma, ndipo mpaka lero sikutha nthawi asanabwere wina kudzagogoda, dzanja lili m'thumba, n'kulitulutsa mwamanyazi amvekere, "Amayi, taonani izi."

Anthu amaganiza kuti dzanja limathera pa makina. Ena limatheradi pomwepo. Lamba wa chigayo akakoka mkono, kapena macheka a magetsi akasesa zala zinayi nthawi imodzi, palibe zambiri zokamba. Koma manja ambiri amene ndawaona atauma anayamba ndi kabala kochepa. Galasi la zenera, m'mphepete mwa lata, mpeni woterereka m'butchala, botolo losweka. Bala la masentimita awiri kapena atatu, loti munthu wodutsa sangaime n'komwe.

Chimene chimachitika pansi pa khungu ndi ichi. Minofu yamphamvu yopinda zala siili m'zala. Ili m'mkono, pakati pa chigongono ndi dzanja, ndipo imakoka zala kudzera m'mitsempha yoyera, yolimba, imene madokotala amaitcha tendon. Chala chilichonse chili ndi iwiri yopindira, kupatula chachikulu chimene chili ndi umodzi wautali. Mitsemphayi imayenda m'kanjira kothina, monga waya wa buleki ya njinga amayendera m'kapaipi kake, ndipo ukaduka, mbali ya kumtunda imathawira m'chikhatho chifukwa mnofu ukungokokabe. M'masiku oyambirira dokotala angathe kuutsata, kuubweza ndi kuulumikiza. Pakatha milungu itatu kapena inayi mnofu umakhala utafupika, kanjira katadzadza chipsera, nsonga ziwiri zija sizikumananso. Apo pamafunika kukachotsa mtsempha pena n'kudzaika, nthawi zina opaleshoni ziwiri zotalikirana miyezi, ndipo chalacho kawirikawiri sichifika pamene chikanafika.

Mnyamata wina wa m'dera lathu, wokhoma masofa, tchizulo inamupulumuka n'kumubaya patsinde pa chala chamkombaphala. Anzake anamumanga ndi nsanza n'kuthamangira naye ku kiliniki ina. Kumeneko anamulandira bwino, ndisaname: anatsuka bala, anamubaya jakisoni wa kafumbata, anasoka khungu mwaluso, anamuuza tsiku lodzachotsa ulusi. Kunangosowa wonena kuti, "Achimwene, tapindani chalacho tione." Bandeji itachoka, zala zina zonse zinkapinda, icho chili njo, kuloza kutsogolo. Anati mwina n'kutupa, chiphwa. Anadikira. Agogo ake anamutemera mphini, mnzake wina anamupatsa mafuta othowera. Pofika kwa ine chipsera chinali chitayera kale. Ndinagwira mfundo yapakati ya chalacho n'kumuuza kuti apinde nsonga yokha. Anakukuta mano, mitsempha ya m'khosi n'kuima, koma chala zii. Ndikachipinda ine ndi dzanja langa chinkalola bwinobwino, ndikachisiya chinkabwerera. Kuyeza konse n'komweko, Olemekezeka. Sikufuna makina, sikutha mphindi imodzi. Lero amagwira hamala ndi zala zotsalazo, choongokacho chimakola m'nsalu ndi m'masipuling'i, ndipo ulendo wina anandifunsa ngati kulibe dokotala amene angangochidula kuti chisamamusokoneze.

Namwino amene anamusoka sindimuimba mlandu. Anali ndi mzere wa amayi oyembekezera ndi ana otentha thupi panja, ndipo anachita zimene bala looneka ndi maso limafuna. Ngakhale akanazindikira, akanalemba kalata yotumiza kwa yani? Kwa a mafupa, a khungu, kapena a opaleshoni wamba? Wodwala wa dzanja amayenda ndi kalata yake khomo ndi khomo, pena akuti bwerani Lachiwiri, pena akuti kajambulitseni kaye, pena akuti si zathu izi, ndipo milungu itatu ija imathera m'makhonde.

Vuto limeneli si lachilendo, ndipo mankhwala ake anapezeka kale. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, asilikali a ku America ovulala manja ankadutsa kwa dokotala wa mafupa, kenako wa mitsempha, kenako wa khungu, aliyense akudikira mnzake, dzanja n'kuumira pakati. Mu 1944 akuluakulu a asilikaliwo anapempha dokotala Sterling Bunnell kuti akonze zinthu, ndipo iye anakhazikitsa malo asanu ndi anayi m'zipatala za asilikali kumene dzanja lonse, fupa, mtsempha ndi khungu, linkakhala m'manja mwa gulu limodzi. Opaleshoni ya manja monga ntchito yapayokha inakulira pamenepo.

Mitsempha yomvera ndi yolamula minofu nayo ili ndi nthawi yake, ngakhale imalezako mtima. Ikuluikulu ndi itatu, median, ulnar ndi radial, ndipo iwiri yoyambayo imadutsa pafupi ndi khungu kutsogolo kwa mkono, pamene galasi limakonda kudula munthu akagwera pazenera kapena akalimenya ndi ukali. Ukalumikizidwa, umamera pafupifupi milimita imodzi patsiku, kotero kuchokera pamkono kufika kunsonga za zala ndi miyezi yambiri. Minofu imene ikuudikira ikakhala chaka kapena chaka ndi theka osalandira uthenga, imafota osadzukanso. Munthu wodulidwa ulnar mumamudziwa akamapereka moni: zala ziwiri zakumapeto zakhota, pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala palowa, kiyi satha kumupotokola, ndipo m'mbali mwa dzanja muli zipsera za moto chifukwa amapsa osamva. Kuyeza kwake n'kotsika mtengo ngati koyamba kuja. Wodwala atsinzine, mumukhudze ndi thonje mbali zonse ziwiri za chala chilichonse, musanamubaye mankhwala a dzanzi.

Za mafupa ndinene mwachidule. M'dzanja muli mafupa 27, ndipo ambiri akathyoka amapola osafuna opaleshoni. Chimene chimawononga ndi chikhakha: chomangidwa molakwika, kapena chosiyidwa nthawi yaitali chifukwa tsiku lochotsa linasunthidwa kapena munthu analibe ya basi. Dzanja limafuna kumangidwa litapendekera m'mbuyo pang'ono, mfundo zazikulu za chibakera zitapindidwa, zala zitaongoka, ndipo kwa ambiri milungu itatu kapena inayi yakwana. Likamangidwa lili thasa kwa miyezi iwiri, fupa lipola koma munthu sadzafumbatanso khasu. Mphete nayo ichotsedwe dzanja lisanatupe.

Ndiye pali mafinya. Loweruka usiku munthu amenya mnzake chibakera pakamwa, dzino n'kuboola khungu la pamfundo. Lolemba afika ku chipatala akunena kuti linali lata, chifukwa cha manyazi. Bala lotere likasokedwa, tizilombo ta m'kamwa timatsekeredwa m'mfundo, ndipo m'masiku ochepa mfundoyo yadyeka. Chimodzimodzi munga kapena waya wobaya kutsogolo kwa chala: chala chikatupa chonse, chikakhala chopindika, ndipo munthu n'kumakuwa mukafuna kuchiongola, mafinya alowa m'kanjira ka mtsempha kaja, ndipo akufunika kutsegulidwa tsiku lomwelo. Kwa odwala shuga izi zimathamanga kwambiri. Zala zambiri zimene ndaona zitadulidwa m'chipatala sizinadulidwe ndi makina, zinayamba ndi munga.

Pali gulu lina limene silituluka magazi, ndipo n'chifukwa chake silioneka. Ambiri ndi amayi. Mayi wina wa m'chigwirizano chathu, amene wakhala akuchapa zovala za anthu moyo wake wonse, anandiuza kuti sagona. Pakati pa usiku dzanja limachita dzanzi ndi kuyaka, amadzuka n'kumaligwedeza, kulilendewetsa m'mbali mwa bedi, kulipaka mafuta otentha. M'mawa satha kumanga mabatani a bulauzi, singano imamugwa, makapu a abwana waswa angapo mpaka akumudula malipiro. Ena anamuuza kuti ndi magazi, ena BP, ena anati pali munthu. Ndinamufunsa ngati kachala kakang'ono nako kamachita dzanzi. Anayang'ana dzanja lake kanthawi, n'kunena kuti ayi, ako kokha kali bwino. Nditayerekeza zikhatho zake ziwiri, kamtunda ka mnofu ka patsinde pa chala chachikulu kanali kataphwa mbali imodzi. Amenewa ndi matenda otchedwa carpal tunnel: mtsempha wa median wapanikizika pamene umalowera m'chikhatho. Amakonda amayi, oyembekezera, odwala shuga ndi a chithokomiro chofooka. Akagwidwa msanga, chomangira dzanja usiku kapena jakisoni zimathandiza. Akakula, dokotala amadula kansalu kolimba kamene kakupanikiza mtsemphawo, ntchito yosafika theka la ola, munthu ali maso. Koma mnofu ukafota kwa zaka suchedwa kukana kubwerera, ndipo mnofu umenewo ndi umene umabweretsa chala chachikulu kudzakumana ndi zinzake. Madokotala amawerengera chala chachikulu kuti ndi pafupifupi magawo 40 pa 100 a ntchito ya dzanja lonse.

M'gulu lomweli muli a chala chokodwa, chimene chimapinda koma pofuna kuongoka chimachita kudumpha ndi ululu; amayi a makanda opweteka patsinde pa chala chachikulu chifukwa chonyamula mwana; ndi a nyamakazi yotupitsa mfundo, imene ikapanda mankhwala oyenera msanga imapotoza zala zonse. Anthuwa amapatsidwa mapiritsi opha ululu chaka ndi chaka. Pa mndandanda wa opaleshoni amakhala kumapeto, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake.

Chifukwa chake ndi chimene mungandiyankhe nacho. Fiyeta, zipinda zochitira opaleshoni, ndi zochepa, ogonetsa odwala ndi ochepa, ndipo pakhomo pali mayi wolephera kubereka, wa ngozi ya kombi, wa matumbo opotana. Wa dzanja safa, ndiye adikire. Ine ndikanakhala wosankha usiku umenewo ndikanasankhanso chimodzimodzi. Ndikudziwanso kuti antchito azaumoyo akuchoka. Mu 2023 bungwe la WHO linaika Zimbabwe pa mndandanda wa mayiko amene ali ndi kuchepa koopsa kwa antchitowa. Choncho sindikupempha kuti dzanja lilande fiyeta ya mayi woyembekezera. Ndikupempha kuti lichotsedwe pa mzere umenewo.

Njira yake ilipo, imatchedwa WALANT, ndipo amene anaifalitsa kwambiri ndi dokotala wa ku Canada, Donald Lalonde. Wodwala sagonetsedwa, samangidwa lamba woletsa magazi pamkono, sasala kudya. Dokotala amabaya pamalo ochita opaleshoni mankhwala a dzanzi a lignocaine osakaniza ndi adrenaline, n'kudikira pafupifupi theka la ola. Lignocaine amachotsa ululu, adrenaline amafinya timitsempha ta magazi kuti pamalopo pasamakhe kwambiri. Ife tinaphunzitsidwa kuti adrenaline asayandikire chala, akuti chimafa. Kafukufuku wa m'zaka za m'ma 2000 anagwetsa chiphunzitso chimenecho, ndipo pali mankhwala a phentolamine obweza mphamvu yake ngati pafunika. Mankhwala awiri oyambawo ali kale m'zipatala zathu. Chofunika ndi chipinda choyera, nyale yabwino, zida zing'onozing'ono zophikidwa, ulusi woyenera, ndi dokotala wophunzitsidwa. Ndipo njirayi ili ndi ubwino umene fiyeta yaikulu ilibe: dokotala akalumikiza mtsempha, asanatseke khungu, amauza wodwala kuti apinde chala. Onse awiri amaona ngati mfundo ikugwira kapena ikukola, n'kukonza pomwepo. Wodwala amene waona ndi maso ake chala chikuyenda amatsatira malangizo mosiyana ndi amene wangodzuka n'kupeza bandeji. Si ya aliyense; ana ang'ono, manja ophwanyika kwambiri ndi anthu a magazi osayenda bwino m'zala amafunabe fiyeta. Koma carpal tunnel, chala chokodwa, mitsempha yoduka yambiri ndi mafupa ena a zala zingathe kuchitikira m'chipinda chotere ku Parirenyatwa, ku Sally Mugabe kumene ife timangoti pa Gomo, kapena ku Chitungwiza, masiku awiri pa sabata, popanda kugoneka munthu.

Anthu oti aphunzire alipo. Bungwe la COSECSA, limene linakhazikitsidwa mu 1999 ndipo Zimbabwe ndi membala, limaphunzitsa madokotala a mafupa ndi a opaleshoni yokonza khungu m'zipatala za kuno konkuno. Yunivesite ya Zimbabwe imatulutsa a mafizo ndi akatswiri obwezeretsa anthu ku ntchito za tsiku ndi tsiku, ndipo ku Marondera kuli sukulu ya othandizira ntchito yomweyi. Kwathu kwa makolo, ku Malawi, atasowa madokotala a mafupa anayamba mu 1985 kuphunzitsa ma clinical officer apadera a mafupa, ndipo ndi amenewa amene amasamalira othyoka ambiri m'zipatala za m'maboma mpaka lero. Sindikunena kuti titengere zonse. Ndikunena kuti kuyeza dzanja, kulimanga bwino ndi kudziwa loti litumizidwe ndi nzeru zoti namwino wa ku Hopley kapena Mabvuku angaphunzire pa tsiku limodzi, n'kupatsidwa pepala limodzi lomata pakhoma ndi nambala ya foni imene imayankhidwa.

Tsopano ndifike pa ntchito yanga, imene imaiwalika kwambiri pokonza bajeti. Dokotala akalumikiza mtsempha wopinda chala, wachita theka. Mtsempha wosokedwa ukangosiyidwa osayenda umamatirira ku kanjira kake. Ukakokedwa mwamphamvu umaduka. Pakati pa ziwirizi pali kanjira kopapatiza, ndipo amene amayendetsa wodwala m'menemo ndi wa mafizo. Dzanja limaikidwa m'chomangira cha kumbuyo kwa milungu pafupifupi isanu ndi umodzi, m'masiku oyamba omwe munthu amayamba kuyendetsa zala mwa njira yoyezedwa, kangapo patsiku, ndipo ntchito yolemera sabwerera mpaka milungu 12. Taganizani kuuza zimenezi munthu amene amadya za tsiku lomwelo. Sabata yachiwiri lendi ikumufuna, achotsa chomangira, anyamula thabwa, amva kuti thu m'chikhatho, ntchito yonse ya dokotala yapita. Wina ndi wamantha, safuna ngakhale kugwedeza, afika patatha miyezi iwiri dzanja lili gwa. Onse awiri sanaone wa mafizo tsiku la opaleshoni, anangopatsidwa kapepala koti akasungitse malo kwina, tsiku lina, ndi ndalama ina ya kombi. Wa mafizo akhale m'chipinda chomwecho, apange chomangira wodwala asanatuluke, ndipo maulendo otsatira achitikire ku makiliniki akuluakulu a khonsolo pafupi ndi kwawo. Ena angathe kungotumiza kakanema ka dzanja pa WhatsApp. Zopangira zomangira za pulasitiki zikasowa, pulasitala wamba amagwira ntchito, ife tinkatero.

Kwa inu a NSSA. Ndondomeko yoteteza ngozi ndi kupereka chipepeso kwa antchito, ya lamulo la SI 68 la 1990, imalipiridwa ndi olemba ntchito, ndipo wovulala pa kampani yolembetsedwa amalipiriridwa chithandizo, mwinanso kutumizidwa ku malo anu obwezeretsa antchito ovulala ku Bulawayo. Ndi chinthu chabwino. Koma mafakitale ambiri a ku Workington, Southerton ndi Willowvale amene makolo athu ankalemberako anachepa, ndipo macheka ndi magilayinda aja anasamukira m'misika, m'mashedi ndi kuseri kwa nyumba. Wowotcherera wa ku msika wa Siyaso ku Mbare alibe bwana womulembetsa. Wantchito wa m'nyumba nayenso ali kunja. Ngozi zinatsatira anthu kumene anapita, chitetezo chinatsalira. Mabungwe a amisiri a m'misikamo amatolera kale ndalama za mlonda ndi za magetsi; kambiranani nawo za kangachepe ka pamwezi kamene kangalipire opaleshoni ya dzanja, mafizo, ndi kanthu kodyera m'milungu 12 ija. Ndipo anthu anu oyendera za chitetezo akafikeko ngati aphunzitsi. Gilayinda yochotsedwa chotchinga ndi macheka opanda ndodo yokankhira thabwa mudzazipeza paliponse.

Ndime 76 ya malamulo a dziko imati munthu asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi pa chipatala chilichonse. Ndikupempha kuti unduna ulembe momveka kuti mtsempha woduka, bala lofika pafupa, mafinya a m'kanjira ka mtsempha ndi chala chosayenda magazi zili m'gulu limeneli, kuti munthu asatumizidwe kukafuna kaye ndalama ya X-ray kapena kukagula ulusi ku famasi pamene masiku ake akutha. Mu 2015 msonkhano waukulu wa WHO unagwirizana kuti opaleshoni yofunikira ndi mbali ya chithandizo cha aliyense, ndipo mu 2022 dziko lathu linakhazikitsa ndondomeko yake ya opaleshoni, uchembere ndi kugonetsa odwala ya 2022 mpaka 2025. M'ndondomeko iliyonse yotsatira, dzanja litchulidwe ndi dzina, likhale ndi mzere wake wa ndalama.

Ana ndiwaike paokha. Magetsi akazima timaphika pa mbaula, pa palafini, pa moto wa panja, ndipo mwana wokwawa amagwira chilichonse chowala. Chikhatho chopsa chikamangidwa zala zili pamodzi, chimapola chitafumbata, zala zitamatirirana. Mwana akamakula chipsera sichikula naye, ndiye mafupa amapindika. Zambiri zimapeweka pomanga chala chilichonse pachokha, kuika chomangira choongola, ndi kuika khungu lina msanga ngati bala silikupola m'milungu iwiri kapena itatu. Chipatala cha ana cha CURE chimene chinatsegulidwa ku Bulawayo mu 2021 chimathandiza ana otere mwaulere, ndipo tikuthokoza, koma Bulawayo ndi makilomita oposa 400 kuchokera kuno, ndipo mayi wa ku Epworth amamva za icho mwana atayamba kale sukulu, akubisa dzanja m'juzi.

Mwaona kuti sindinapemphe zolumikiza dzanja loduka. Zimatheka, ku Shanghai dokotala Chen Zhongwei analumikiza dzanja la wantchito wa m'fakitale mu 1963. Koma zimafuna makina oonera tinthu ting'onoting'ono, gulu lodikira usiku wonse ndi maola ambiri a fiyeta, ndipo ndikuopa kuti tingagule makina amodzi odula, kujambulitsa nawo m'nyuzi, pamene zala mazana zikuumira kabala ka tchizulo. Zimenezo zidzabwera malo aja akakhazikika. Pakadali pano anthu angodziwa chochita: chala chikaduka, bala lipanikizidwe ndi nsalu yoyera, dzanja likwezedwe, chidutswacho chikulungidwe m'nsalu yonyowa pang'ono, chiikidwe m'pulasitiki yomanga, pulasitikiyo iikidwe m'madzi a ayezi. Chisagunde ayezi, chisamizidwe m'madzi, m'palafini kapena m'sipiriti. Pabala asathire mafuta a buleki, dothi kapena phulusa, zimene ndaziona zonse.

Uthenga wotere ungapite pa National FM, imene imaulutsa kale m'Chichewa ndi m'zilankhulo zina, komanso pa timapepala tomata m'misika ya amisiri. Ndipo m'zipatala muyambe kulemba padera ovulala manja: ntchito yawo, chimene chinawavulaza, tsiku lovulala ndi tsiku la opaleshoni. Pakutha kwa chaka mudzaone nokha kutalika kwa mpata wa pakati pa masiku awiriwo.

Ife kumbali yathu tili ndi masosayiti a maliro ku Mbare, Highfield, Mufakose, Dzivarasekwa ndi Tafara, amene amakumana mwezi ndi mwezi ndipo ali ndi mabuku a mamembala. Tili ndi mipingo ndi mizikiti. Mukatiuza chipatala chake, khomo lake, tsiku lake ndi nambala ya foni, tidzaziwerenga m'misonkhano imeneyi, ndipo namwino kapena wa mafizo amene mungatumize kudzaphunzitsa amisiri tidzamusonkhanitsira anthu ndi kumupezera malo. Yankho lanu mulipereke poyera, pa wailesi kapena m'nyuzi, kuti ndi a ku mafamu omwe alimve.

Ine wanu,

Mayi wopuma pa ntchito ya mafizo,
Mufakose, Harare